Mazira a nsomba m'madzi a mankhwala osakanikirana: mafunso ndi mayankho

Madzi a mumtsinje wodutsa m'minda ndi m'tauni sanyamula poizoni wa mtundu umodzi wokha. Mumakhala mankhwala ophera mbozi amene akokoloka kudimba, oyilo wa ku galaja, sopo, zitsulo zosungunuka, ndi zotsalira za mankhwala amene anthu anamwa. Komabe kwa zaka zambiri kuyeza kuopsa kwa mankhwala kwakhala kukuchitika mtundu umodziumodzi, ngati kuti nsomba imakumana nawo pamzere. Mafunso ali m'munsimu akukhudza dzira la nsomba ndi mluza umene uli m'katimo, chifukwa kumeneko ndi kumene kusakanikiranaku kumapweteka msanga.

Bwanji kudera nkhawa dzira m'malo mwa nsomba yaikulu imene timadya?

Nsomba yaikulu ikamva madzi oipa imathawa. Dzira limakhala pomwe laikiridwapo, kaya ndi pa timiyala, pa udzu kapena pamchenga. Komanso m'masiku ochepa oyambirirawo ndi momwe mtima, msana, maso ndi ubongo zimaumbidwa, ndipo chilichonse chili ndi ola lake. Chikalakwika pa olalo, thupi silibwerera m'mbuyo kukakonza. Chiwindi ndi ziwalo zopumira, zimene zimathandiza nsomba yaikulu kuchotsa poizoni, zimakhala zisanakhwime.

Chikhungu cha dzira chimatchinga zinthu zina, koma chili ndi timabowo ndipo mankhwala ambiri amalowa ndithu. Ena salowera n'komwe kunja, amachokera kwa make. Mankhwala okonda mafuta monga DDT, PCB ndi dioxin amaunjikana m'thupi la nsomba yaikazi, kenako amapita m'chakudya chimene imaikira mwana wake m'dzira. Ku Belews Lake, m'boma la North Carolina ku America, mankhwala otchedwa selenium, amenenso amalowa m'dzira kudzera mwa make, ochokera ku phulusa la malasha a pamalo opangira magetsi anathetsa mitundu 19 mwa mitundu 20 ya nsomba m'zaka za m'ma 1970. Nsomba zazikulu zinkaoneka zamoyo bwinobwino, koma ana ake ankabadwa opunduka kapena osabadwa kumene.

Enzaimu n'chiyani, ndipo ikulowa bwanji m'nkhaniyi?

Enzaimu ndi puloteni imene imafulumizitsa ntchito inayake m'thupi. Mukatafuna chimanga kapena chinangwa kwa kanthawi n'kuyamba kumva kutsekemera, imeneyo ndi enzaimu ya m'malovu ikuphwanya sitachi kukhala shuga. Iliyonse ili ndi ntchito yakeyake, ndipo ili ndi kampata kamene chinthu choyenera chimalowamo ngati kiyi m'loko. Poizoni wambiri amagwira ntchito potseka kampatako kapena kupotoza enzaimu yonse. Katupe amene ena amathira m'madzi kuti agwire nsomba amapha motero: amatseka enzaimu imene maselo amadalira pogwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni.

Akatswiri amayeza ma enzaimu chifukwa amasintha nsomba isanaonetse chizindikiro chilichonse chooneka ndi maso.

Ndi ma enzaimu ati amene amayezedwa kawirikawiri?

Yoyamba ndi acetylcholinesterase, mwachidule AChE. Mtsempha ukatumiza uthenga kwa mnofu kuti ukungike, umatulutsa timadzi totchedwa acetylcholine, ndipo ntchito ya AChE ndi kufufuta uthengawo msanga kuti mnofu upume. Mankhwala ophera tizilombo a m'gulu la organophosphate, monga chlorpyrifos, diazinon ndi malathion, komanso a m'gulu la carbamate monga carbaryl ndi carbofuran, amatseka enzaimu imeneyi. Uthenga umangobwerezabwereza, minofu imanjenjemera, kenako imauma. Mu mluza wa nsomba AChE imathandizanso kuti minofu ndi mitsempha ziumbike bwino, choncho ikatsekedwa kamwanako kamaswa kali kofooka, kosatha kusambira molunjika.

Yachiwiri ndi CYP1A, ya m'banja lalikulu la cytochrome P450. Iyi ndi yosesa. Mankhwala monga dioxin, ma PCB ena, ndi ma PAH a m'mafuta ndi mu utsi akalowa m'selo, amadzutsa puloteni yotchedwa AhR, ndipo iyo imalamula kuti CYP1A ipangidwe yambiri kuti iphwanye mlendoyo. Kuyeza kwake kumatchedwa EROD. Chimene chimandisangalatsa ndi kundiopsa nthawi imodzi pa banja limeneli n'chakuti kusesako nthawi zina ndiko kumanola poizoni. Chlorpyrifos payekha satseka AChE mwamphamvu mpaka P450 itamusandutsa chinthu china chotchedwa oxon. Benzo[a]pyrene, mmodzi wa ma PAH, naye amasanduka chinthu chokakamira ku DNA akadutsa m'manja mwa CYP1A.

Palinso gulu lozimitsa moto, lomwe muli superoxide dismutase, catalase ndi glutathione peroxidase. Zitsulo ndi mankhwala ambiri amachititsa kuti m'maselo muchuluke tizidutswa ta okosijeni tolusa timene timawononga mafuta, mapuloteni ndi DNA, ndipo ma enzaimu amenewa ndi amene amatiziziritsa. Thovu limene limatuluka mukathira hydrogen peroxide pachilonda ndi catalase ili pantchito.

Pomaliza pali enzaimu yoswetsa dzira. Nthawi ikakwana, mluza umatulutsa enzaimu imene imafewetsa chikhungu kuchokera m'kati kuti utuluke. Mkuwa wosungunuka ndi madzi a asidi zimaisokoneza, ndiye kamwanako kamachedwa kutuluka kapena kufera momwemo.

Mankhwala awiri akakumana, kodi mphamvu zawo zimangophatikizana?

Nthawi zambiri inde. Pali njira ziwiri zakale zowerengera zimenezi. Ya Loewe ndi Muischnek ya mu 1926 imati ngati mankhwala awiri akumenya malo amodzi, muwaone ngati mankhwala amodzi osungunulidwa mosiyana, muphatikize milingo yawo. Ya Bliss ya mu 1939 ndi ya mankhwala omenya malo osiyana, aliyense payekha. Zotsatira za kuyesa zikafanana ndi zimene masamu amenewa alosera, ndiye kuti palibe chachilendo chachitika.

Koma nthawi zina chiwonongeko chimaposa chimene masamu anena, ndipo nthawi zina chimachepa. Kuchepa kumachitika mwachitsanzo pamene zinki ndi cadmium zikulimbirana khomo limodzi lolowera m'thupi. Kuposa ndiko kumene kumatchuka, ngakhale sikuchitika kawirikawiri monga anthu amaganizira. Mu 2014 Nina Cedergreen wa ku yunivesite ya Copenhagen anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wa mankhwala ophatikizidwa awiriawiri. Anapeza kukulitsana mphamvu pa 7 mwa 100 iliyonse ya mankhwala a kumunda ndi pa 3 mwa 100 iliyonse ya zitsulo. Pa mankhwala a kumunda amenewo, pafupifupi onse anali ndi mankhwala otseka AChE kapena mankhwala opha nkhungu a m'gulu la azole, ndipo magulu onse awiriwa amadziwika ndi kusokoneza ma enzaimu ochotsa poizoni wa mankhwala ena.

Nanga mankhwala amodzi amakulitsa bwanji mphamvu ya anzake?

Njira yodziwika kwambiri ndi yakuti mankhwala oyamba amamanga mlonda, achiwiri n'kulowa popanda wowaletsa.

Chitsanzo chili m'nyumba zambiri. Maneti ena a udzudzu ali ndi mankhwala awiri, pyrethroid ndi piperonyl butoxide amene amalembedwa PBO. PBO payekha sapha udzudzu. Amatseka ma P450 amene udzudzu wolimba umagwiritsa ntchito pophwanya pyrethroid, motero pyrethroid amayambiranso kupha. Opanga maneti anachita zimenezi mwadala ndipo zikuteteza anthu ku malungo. M'mtsinje zofananazo zimachitika popanda amene anakonza.

Mu 2009 akatswiri a NOAA, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, ku Seattle, motsogozedwa ndi Cathy Laetz, anaika ana a nsomba za coho salmon m'madzi okhala ndi mankhwala asanu aja, diazinon, malathion, chlorpyrifos, carbaryl ndi carbofuran, awiriawiri. Popeza onse amatseka AChE, zinkayembekezeka kuti mphamvu zingophatikizana. Koma malathion ataphatikizidwa ndi diazinon kapena chlorpyrifos, AChE ya mu ubongo inagwa kuposa mmene analoserera, ndipo nsomba zinafa pa milingo imene mankhwala amodzi paokha sankapha. Malathion amaphwanyidwa ndi ma enzaimu otchedwa carboxylesterase, ndipo ma organophosphate anzake amatseka ma enzaimu omwewo. Nsombazi zinali zitaswa kale, koma njira yake ndi yomweyo.

Pa miluza yeniyeni, ntchito ya Richard Di Giulio ndi ophunzira ake ku yunivesite ya Duke ndi imene inasintha maganizo a ambiri. Kale ena ankaganiza kuti kukwera kwa CYP1A ndiko kumapundula mluza. Iwo mu 2004 anaonetsa kuti mukaphatikiza mankhwala odzutsa AhR ndi ena otseka CYP1A, miluza ya nsomba ya killifish imapunduka mtima kwambiri kuposa mmene aliyense angachitire payekha. Benzo[a]pyrene ndi wodzutsa, fluoranthene ndi wotseka, ndipo awiriwa amapezekera limodzi mu creosote wopaka mitengo, m'phula ndi mu utsi. Thupi likuitana wosesa, wosesayo wabwera koma wamangidwa manja, ndiye poizoni akukhalitsa n'kumapitiriza kudzutsa AhR.

Ngati mankhwala aliwonse ali ochepa, osafika mlingo woopsa, vuto lili pati?

Kwa ine funso ili ndi lalikulu kuposa la kukulitsana mphamvu, chifukwa silifuna kuti pachitike chachilendo. Mu 2002 Elisabete Silva, Nissanka Rajapakse ndi Andreas Kortenkamp ku London anatenga mankhwala 8 otsanzira mahomoni achikazi, aliyense pa mlingo umene payekha sunkaonetsa kanthu. Ataphatikiza, mphamvu inaoneka poyera. Anayesera pa yisiti, koma zotsatira zofanana zinadzapezekanso pa nsomba. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambiri imasenza, ndipo poizoni naye amatero. Pepala la ku labotale likhoza kusonyeza kuti mankhwala 20 onse ali pansi pa malire a lamulo, pamene dzira likulandira katundu wa onse 20.

Nyanja ya Ontario, pakati pa Canada ndi America, inaona zimenezi. Nsomba ya lake trout inali itatheratu m'nyanjayi pofika cha m'ma 1960, ndipo kupha nsomba mopitirira muyezo ndi nsomba yoyamwa magazi yotchedwa sea lamprey zinatengapo gawo. Koma mu 2003 Philip Cook ndi anzake anafufuza matope a pansi pa nyanjayo, n'kuphatikiza dioxin, ma furan ndi ma PCB monga poizoni mmodzi popeza onse amamenya AhR. Anapeza kuti pakati pa zaka za m'ma 1900 kuchuluka kwake m'mazira kunali kokwanira kupha ana onse a nsombayi asanayambe kudya. Matendawo amatupitsa kathumba ka chakudya ndi madzi ooneka obiriwira ngati mtambo, ndipo kamwanako kamatuluka magazi m'kati.

Mluza wovulala umaoneka bwanji?

Pa maikulosikopu zizindikiro zake zimabwerezabwereza: madzi odzaza mozungulira mtima, kathumba ka chakudya kotupa, msana wopindika, nsagwada yaifupi, maso aang'ono. Kwa nthawi yaitali izi zinkawerengedwa ngati mavuto osiyanasiyana. Zinadzadziwika kuti pa poizoni wa mafuta zambiri mwa izo zimayambira pa mtima.

Pa 24 March 1989 sitima ya Exxon Valdez inagunda miyala ku Prince William Sound, ku Alaska, n'kutaya malita pafupifupi 41 miliyoni a mafuta osayenga. Nsomba za pink salmon zimaikira mazira m'timiyala ta kumathiriro a mitsinje, ndipo za herring pa zomera za m'mphepete mwa nyanja. Akatswiri a ku Auke Bay Laboratory anaonetsa kuti ma PAH a m'mafuta okhalitsa amavulaza miluza pa mlingo wa pafupifupi gawo 1 mwa magawo 1 biliyoni. Mlingo umenewu ndi ngati galamu imodzi m'ndowa 50,000 za malita 20. Mafuta osayenga pawokha ndi chisakanizo cha mankhwala mazanamazana, ndipo John Incardona ndi anzake anadzapeza mu 2004 kuti ma PAH monga phenanthrene amasokoneza kagundidwe ka mtima mwachindunji. Ngozi ya pamalo okumba mafuta m'nyanja a Deepwater Horizon ya mu April 2010 ku Gulf of Mexico itachitika nthawi imene nsomba za bluefin tuna zimaswana, kafukufuku wa mu 2014 anasonyeza kuti mafutawo amatseka timakomo ta potaziyamu ndi kusokoneza kayendedwe ka kashiyamu m'maselo a mtima. Mtima wa mluza umaumbika ukugunda, choncho ukagunda molakwika umaumbikanso molakwika.

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi tiana timene timaswa tikuoneka tabwino. Ku Alaska, pink salmon zimene zinakhudzidwa ndi mafuta ochepa zili m'dzira anazilemba zizindikiro n'kuzitaya m'nyanja, ndipo zimene zinabwerera kudzaswana zinali zochepa ndi 15 mwa 100 iliyonse poyerekeza ndi zinzake. Palibe amene anaona nsomba zakufa zikuyandama. Zinangolephera kuthawa adani kapena kupirira ulendo.

Kuyesa kwake kumachitika bwanji?

Nsomba yotchuka m'malabotale ndi zebrafish, kansomba ka mizeremizere ka ku India ndi Bangladesh, kofanana msinkhu ndi matemba. Dzira lake limaonekera m'kati ngati galasi. Mtima umayamba kugunda patatha pafupifupi maola 24, ndipo limaswa pakati pa maola 48 ndi 72. Mu 2013 bungwe la mgwirizano wa mayiko ambiri la OECD linavomereza njira yoyesera nambala 236: mazira 20 pa mlingo uliwonse, lililonse m'kabowo kake, pa madigiri 26, kwa maola 96. Woyesa amayang'ana ngati dzira laundana, ngati timagawo ta msana taumbika, ngati mchira wamasuka, ndiponso ngati mtima ukugunda. Ofuna kudziwa za ma enzaimu amapera timiluza tambiri pamodzi n'kuyeza m'madzi ake.

Vuto ndi kuchuluka kwa zoyesa. Mankhwala 10 okha amatulutsa magulu 45 a awiriawiri, musanasinthe milingo kapena kuwonjezera wachitatu. N'chifukwa chake ena amatunga madzi a mumtsinje kapena a paipi ya fakitale momwe alili n'kuikamo mazira, kuti dzira lenilenilo linene ngati madziwo ndi abwino. Njira imeneyi imandikhutiritsa kwambiri, chifukwa imagwiranso mankhwala amene palibe anaganiza zowayeza.

Enzaimu ikakwera, kodi ndiye kuti nsomba yadwala?

Ayi, si nthawi zonse. Catalase ikakwera ikhoza kusonyeza kuti thupi likudziteteza ndipo likupambana. Poizoni akachuluka, catalase yomweyo imagwa. Pakati pa kukwera ndi kugwa pali pamene imaoneka ngati ya nsomba yathanzi, ndipo woyesa wosasamala akhoza kunena kuti zonse zili bwino. M'chisakanizo msampha umenewu ndi waukulu: pa killifish za ku Duke zija, EROD inali yotsika pa miluza imene inapunduka kwambiri. Chiwerengero cha enzaimu chiyenera kuwerengedwa pamodzi ndi kagundidwe ka mtima, nthawi yoswera, maonekedwe ndi kasambiridwe.

Kodi dzuwa, kutentha ndi asidi zimasintha kanthu?

Kwambiri. Mu November 2007 sitima ya Cosco Busan inagunda mlatho ku San Francisco Bay n'kutaya mafuta ake oyendera. Miyezi ingapo pambuyo pake, mazira a herring a m'madzi osaya a m'malo okhudzidwa anapezeka atasungunuka, pamene a m'madzi akuya anali ndi vuto la mtima lokha. Kuwala kwa dzuwa kukamenya mankhwala ena a m'mafuta ali kale m'thupi loonekera m'kati, amawotcha maselo.

Madzi otentha amasunga okosijeni wochepa pamene thupi la nsomba likufuna wambiri. Asidi amamasula zitsulo kuti zilowe m'thupi mosavuta, pamene kashiyamu wa m'madzi amatchingako. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo malipoti oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi ndi zitsulo analowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mumtsinje wa Kafue. Mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi, ndipo nsomba zakufa zinaoneka mtunda wautali kumunsi. Asidi amapita ndi madzi, koma zitsulo zimakhazikika m'matope, momwe nsomba zambiri zimakumba zisa.

Kodi nsomba sizingazolowere?

Zina zinazolowera. Killifish za mu Elizabeth River ku Virginia, pafupi ndi pamene panali fakitale yopaka mitengo creosote, zimaswa bwino m'matope amene amapundula killifish za kwina. Nsomba za tomcod za mu Hudson River ku New York zili ndi kusintha kwa majini a AhR kumene kumaziteteza ku PCB. Koma killifish ndi zochuluka zedi, zili ndi majini osiyanasiyana, ndipo zimaswana msanga. Nsomba zochepa kapena zochedwa kukula zilibe mwayi umenewo. Komanso nsomba yopirira poizoni imakhala nayebe m'thupi, n'kumupatsira mbalame kapena munthu woidya.

Nanga chambo, mpasa ndi mlamba?

Ma enzaimu onse atchulidwawa alimonso mu nsomba zathu, ndipo mazira a mlamba agwiritsidwa kale ntchito m'malabotale poyesa mtovu ndi mankhwala ena. Kusiyana kuli pa malo ndi nthawi yoswanirana. Mlamba umaikira mazira omata pa udzu wosefukira mvula yoyamba ikagwa, ndipo madzi oyambawo ndi amene amatsuka zonse zimene zinaunjikana m'minda, m'misewu ndi m'ngalande chilimwe chonse. Mpasa umakwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaikira pa timiyala, ndipo mitsinjeyi imadutsa m'minda isanafike kunyanja. Chambo chimasunga mazira ndi ana m'kamwa kwa masabata angapo. Kamwa limawateteza kwa adani, koma madzi amene mayiyo akupuma ndi omwewo akusambitsa mazira.

Timatseka nyanja nyengo yoswana kuti makoka asagwire nsomba yosunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo n'koyenera. Kutsekako sikuletsa zimene mitsinje ikutsitsira pamalo oswanirawo.

Mlimi kapena woweta nsomba angachitepo chiyani?

Sipuleya isatsukidwe mumtsinje, pachitsime kapena pafupi ndi damu la nsomba. Madzi otsukira athiridwe m'munda momwe mwapoperamo, kutali ndi ngalande. Musapopere mvula ikuoneka kuti ikubwera. Musasakanize mankhwala awiri m'sipuleya imodzi pokhapokha chizindikiro cha pabotolo kapena mlangizi atalola, makamaka ophera tizilombo ndi opha nkhungu, popeza gulu limeneli ndi lija limakulitsana mphamvu. Udzu ndi mabango a m'mphepete mwa mtsinje asiyidwe, chifukwa amagwira dothi limene limanyamula mankhwala. Oyilo wakutha asathiridwe m'ngalande. Neti ya udzudzu ikhale pabedi: m'madzi imakokolola tiana ta nsomba, ndipo pyrethroid amene ali pa ulusi wake ndi poizoni wamphamvu kwa nsomba.

Oswetsa mbewu ya nsomba azilemba m'kabuku mazira angati aswa pa gulu lililonse, aswa patatha maola angati, ndi tiana tingati tatuluka topindika msana kapena totupa pamimba. Chiwerengerocho chikasintha mwadzidzidzi pamene nsomba zoswetsa ndi chakudya zili zomwezo, tungani madzi tsiku lomwelo m'botolo lagalasi loyera, muwasunge pozizira ndi pamdima, mulembepo tsiku ndi malo, ndipo mukauze a zausodzi a m'boma lanu. Mufunsenso amene ali kumtunda kwa mtsinje kuti sabata imeneyo anapopera chiyani.